Mphatso za alendo zizilowera pakhomo

Kwa Mkonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa zaka zingapo, yokhudza mphatso zimene alendo odzaona dziko lathu amabweretsera anthu a m'midzi imene amadutsamo. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinaphunzitsa m'sukulu za pulayimale za m'boma la Mulanje kwa zaka zoposa 30, panopa ndili m'komiti ya sukulu ya kwathu, ndipo nyumba yanga ili pafupi ndi msewu wopita ku Likhubula, kumene ambiri mwa okwera phiri amayambira ulendo wawo. Zimene ndikulembazi ndaziona ndi maso anga, zina ndili pakhonde, zina ndili m'kalasi.

Alendo ambiri amene amafika kuno amakhala atayamba akaona nyama ku Majete m'boma la Chikwawa kapena ku Liwonde, malo amene nyama zinayambanso kuchuluka bungwe la African Parks litayamba kuwasamalira, Majete mu 2003 ndipo Liwonde mu 2015. Akachoka kumeneko amagona usiku umodzi kapena uwiri m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kenaka n'kubwera kuno kudzakwera phiri. Olimba miyendo amakafika pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, pamene ena amangokasamba pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathu pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, choncho n'zachidziwikire kuti alendo apitiriza kubwera, mwinanso kuposa kale. Ambiri a iwo amanyamula m'zikwama zawo maswiti, zolembera, mipira, zovala ndi mabuku, atamva kwawo kuti akupita ku dziko losauka ndipo si bwino kupitako chimanjamanja. Sindikukayika konse kuti amachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo kalata ino si yowanyoza. Makolo athu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa ndipo tiyenera kumusamalira bwino akadali nafe. Koma iye akapita, zimene mphatso yake yayambitsa zimatsala m'mudzi, ndipo amene timakhala nazo ndife.

Tsiku lina m'mawa, m'nyengo yachisanu pamene alendo amachuluka, ndinali kuchokera kudimba pamene galimoto yonyamula alendo inachepetsa liwiro pafupi ndi gulu la ana amene ankapita kusukulu. Mazenera anatsegulidwa ndipo maswiti ndi zolembera zinayamba kugwera pamsewu. Ana anataya makope awo n'kuyamba kulimbirana, aakulu akukankha aang'ono, mpaka mtsikana wina wa sitandade 2 anagwera pakati pa msewu panthawi imene njinga yamoto ya kabaza inkabwera kumbuyo. Mulungu anachita chifundo, wakabazayo anakhotera kutchire ndipo mwanayo anangosupuka mawondo ndi zigongono. Alendo aja sanaone chilichonse chifukwa galimoto inali itapita kale. Ine ndinamudzutsa mwanayo n'kupita naye kwa amayi ake, ndipo tili m'njira ankalira, osati chifukwa cha zilonda zija, koma chifukwa anzake anapeza maswiti iye osapeza.

Ngozi ya pamsewu ndi imene imaoneka msanga, koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi chizolowezi chimene mchitidwewu umadzala mwa ana. Pamene boma linachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'sukulu m'chaka chimodzi, ndipo ife amene tinali m'kalasi nthawi imeneyo tikudziwa ntchito imene inalipo, ndiponso imene ikadalipo, yoti mwana wa m'banja losauka asamangolembetsa dzina koma azifika kusukulu tsiku lililonse. Mwana amene wachoka pakhomo wosadya kanthu, akadziwa kuti pamphambano pamadutsa galimoto zimene zimagwetsa maswiti ndi ndalama, sitingamudzudzule kwambiri akasankha kukhala pamphambanopo. Ndakhala ndikuitana mayina m'kalasi n'kupeza kuti anyamata atatu kapena anayi palibe, anzawo n'kundiuza kuti akudikira azungu. Ana ambiri a m'mbali mwa msewu uno mawu oyamba a Chingerezi amene amawadziwa ndi opempha ndalama kapena cholembera, ndipo amawanena asanapereke n'komwe moni. Si mmene ife tinaleredwera. Mwana wa kuno ankaphunzitsidwa kuti akakumana ndi mlendo apereke moni mwaulemu, amulandire katundu, amulozere njira, ndipo chilichonse chimene wapatsidwa achilandire ndi manja awiri n'kukachionetsa kwa makolo ake. Mphatso yoponyedwa pazenera imadumpha kholo, mphunzitsi ndi mfumu, n'kumuuza mwana kuti munthu wakhungu loyera ndi thumba loyenda, pamene nayenso mlendoyo amabwerera kwawo akuganiza kuti ana a ku Malawi anabadwa opemphapempha. Onse awiri amakhala atanamizidwa.

Palinso mphatso zimene zimafika bwinobwino kusukulu koma osathandiza. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo tinalandira makatoni a mabuku amene gulu lina la alendo linasonkhanitsa kwawo ndi khama lalikulu. Titatsegula tinapeza kuti ena anali m'chinenero chimene ngakhale mphunzitsi mmodzi sankachidziwa, ena anali a maphunziro a kusekondale ya dziko lawo, ndipo ochepa okha ndi amene mwana wa kuno akanatha kuwerenga. Ana athu amaphunzira zimene bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi linakonza ndipo amayesedwa ndi MANEB, choncho buku limene mphunzitsi amalilakalaka ndi lija limene ana asanu kapena asanu ndi mmodzi akupanikizana kuwerenga limodzi. Makatoni aja anakhala mu ofesi ya ahedi mpaka chiswe chinawalowa, popeza panalibe amene analimba mtima kutaya chinthu chopatsidwa. Pa sukulu ina yoyandikana nayo anapatsidwa makompyuta awiri akale pamene pasukulupo panalibe magetsi. Ndalama zimene anthuwa analipira kuti katundu ameneyu akwere ndege, kuphatikizapo msonkho umene nthawi zina umafunika ku MRA katundu akamalowa m'dziko, zikanagula makope ndi choko chokwanira teremu yonse.

Nkhani ya mankhwala ndiyo yoopsa. Alendo ena akamatsika phiri amasiyira anyamata onyamula katundu mapiritsi amene awatsalira, ndipo mapiritsiwo amakathera m'midzi, kumene amamwedwa ndi aliyense amene mutu ukumupweteka, ngakhale mwana kapena mayi woyembekezera, popanda wodziwa kuti ndi a matenda anji kapena anatha mphamvu liti. Dziko lino lili ndi bungwe la PMRA limene limayang'anira mankhwala, ndipo kuno kuli chipatala cha boma ndi cha Mulanje Mission, ku Thyolo kuli Malamulo, ndiponso m'midzi muli alangizi a zaumoyo. Mlendo amene akufuna kuthandiza odwala afike kwa akuluakulu a zipatala zimenezi, amve chimene chikusowa, m'malo mosiya mankhwala m'manja mwa munthu amene sangathe kuwerenga zimene zalembedwa pabotolo.

Ndinenepo pang'ono za zithunzi. Kawirikawiri mphatso ikamaperekedwa kamera imakhala ili m'manja, ndipo mwana amene amasankhidwa kuti ajambulidwe ndi uja wovala zong'ambika kwambiri. Chithunzicho chimakaikidwa pa Facebook makolo ake osadziwa, ndipo chimakhala pamenepo mpaka mwanayo adzakule. Ndikukhulupirira kuti alendo athu sangalole munthu wachilendo kujambula ana awo pageti la sukulu kwawo, ndipo ndikupempha kuti ulemu womwewo uperekedwe kwa ana athu.

Sichingakhale chilungamo nditaloza chala alendo okha, chifukwa mbali yaikulu ya vutoli ndi yathu. Ife amene timadziwa zoona sitiwauza. Timaopa kuoneka osayamika, ndiye timavina, kuimba ndi kuwomba m'manja polandira chinthu chimene tikudziwa kuti sitichigwiritsa ntchito. Alipo makolo amene amatuma okha ana awo kuti akaime pamsewu. Alipo ena mwa ife a m'makomiti, ndi ena mwa atsogoleri a m'midzi, amene katundu akafika amayamba asankhapo zabwino n'kupititsa kunyumba, ndipo mawa lake mumaziona zikugulitsidwa pamsika. Ndinaonapo yunifolomu ya mpira imene inaperekedwa ku timu ya sukulu itagawanitsa mudzi kwa miyezi ingapo, chifukwa inaperekedwa mseri kwa munthu mmodzi amene ankadziwa Chingerezi, ndipo iye anaona ngati ndi yake. Choipitsitsa, alipo anthu amene amasonkhanitsa ana a abale awo n'kuwaonetsa kwa alendo ngati amasiye, kenaka n'kumalandira ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera kunja pa dzina la bungwe limene silinalembetsedwe kulikonse. Mlendo akadzazindikira kuti anapusitsidwa, amene amavutika ndi amasiye enieni ndi magulu oona mtima, chifukwa iye sadzaperekanso ndipo adzachenjeza anzake. Izi n'zochititsa manyazi kuzilemba m'nyuzipepala, koma tikazibisa sitidzakhala ndi nkhope youzira alendo kuti asinthe.

Ndaonaponso mphatso zimene zinayenda bwino, ndipo ndikufuna ndifotokoze imodzi mwatsatanetsatane chifukwa ndi imene inandiphunzitsa zambiri. Banja lina la alendo, mwamuna ndi mkazi achikulire, linapempha mnyamata amene ankawaperekeza m'phiri kuti awafikitse kwa ahedi a sukulu yathu. Sanabwere ndi katundu aliyense. Anakhala pansi, anamva moni, ndipo anafunsa chimene chikutivuta kwambiri. Ahedi anaitana komiti ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana, ndipo amayiwo ndi amene ananena chinthu chimene ife abambo sitikanachitchula: atsikana a sitandade 6 mpaka 8 ankajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa pasukulupo panalibe chipinda choti azisinthira akakhala kumwezi. Alendowo anavomera kugula simenti, malata ndi chitseko, mudzi unavomera kuumba njerwa ndi kututa mchenga, ndipo mmisiri anali wa m'mudzi momwemo. Katunduyo anagulidwa pa Chitakale, malisiti anawerengedwa pamsonkhano wa makolo mfumu ili pomwepo, ndipo kope la malisitiwo linatumizidwa kwa eni ndalama. Ndalama zimene zinatsala anagulira nsalu, ndipo amayi aja anasoka okha zovala zamkati zochapidwa zoti atsikana azigwiritsa ntchito pa masiku amenewo. Palibe mwana amene analandira switi tsiku limenelo, ndipo ana ambiri sanawaone n'komwe alendowo, koma chipindacho chilipo mpaka lero ndipo chikugwira ntchito. Popeza njerwa zake anaumba ndi makolo, chitseko chitathyoka anakonza okha osadikira wina wochokera kunja.

Chimene chinasiyanitsa banja limeneli ndi galimoto ija si kuchuluka kwa ndalama. Iwo anafunsa asanapereke, anapereka pamaso pa anthu, ndipo anagula konkuno. Mfundo yomalizayi alendo ambiri saiganizira. Pafupifupi chilichonse chimene sukulu ya kumudzi imafuna, kaya ndi makope, zolembera, sopo, ndowa, mipira kapena nsalu ya yunifolomu, chimapezeka pa Boma, pa Chitakale, pa Limbuli, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe. Chikagulidwa kumeneko, wagolosale amapeza phindu, telala amapeza ntchito, ndipo ndalama imazungulira m'dera lomwelo kangapo isanachoke. Zovala zakale zochokera kunja tili nazo kale zambiri m'misika ya kaunjika, ndipo chikwama china chikabwera chaulere, amene amamva kuwawa ndi mayi amene amadyetsa ana ake pogulitsa zovala zomwezo, ndi telala wa pakhonde la sitolo.

Ndikupita patsogolo ndinene kuti mphatso yaikulu imene mlendo angasiye kuno ndi kulipira bwino anthu amene amugwirira ntchito. Anyamata amene amanyamula zikwama kuchokera ku Likhubula kukafika ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Thuchila pamwamba pa phiri ndi abambo a mabanja, ndipo ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha. Aliyense amene anaonerapo mpikisano wothamanga wa Porters Race, umene umachitika chaka ndi chaka paphiri pano, akudziwa mphamvu zimene ntchito imeneyi imafuna. Zimandimvetsa chisoni kuona mlendo akunenerera mtengo wa munthu amene amunyamulire katundu masiku atatu pamiyala yoterera ndi m'chisanu cha pamwamba paja, pamene m'chikwama chomwecho muli maswiti oti akagawire ana a munthu yemweyo. Bamboyo akalipidwa moyenera adzagulira yekha mwana wake kope, ndipo mwanayo adzathokoza bambo ake. Chimodzimodzinso amayi ogulitsa nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, ophika m'malo ogona alendo, ndi osema ziboliboli. Pa za zosemasema ndichenjezepo chinthu chimodzi: mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mosaloledwa komanso chifukwa cha moto wolusa, choncho mlendo wokonda Mulanje agule zosemedwa ndi mitengo ina ndipo afunse asanagule.

Wina anganene kuti munthu wanjala sasankha, ndipo kuti mphunzitsi amene amalandira penshoni sayenera kuletsa osauka kulandira kangachepe kamene kawagwera. Mawu amenewa ndimawamva ndipo sindikuwapeputsa. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri n'kukokolola midzi kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, bulangeti lililonse ndi chovala chilichonse chinali chamtengo wapatali, ndipo sitidzaiwala anthu a m'dziko muno ndi akunja amene anatithandiza. Koma ngakhale pa nthawi yowawitsa ija tinaona kuti katundu amene anafika kwa ovutikitsitsa ndi amene anadzera m'makomiti a m'misasa, kumene mayina analembedwa. Kumene katundu ankangotsitsidwa pagulu, amphamvu ndi amene ankatenga, pamene nkhalamba, olumala ndi amayi a ana akhanda ankabwerera opanda kanthu. N'chimodzimodzi ndi pamsewu paja. Mwana wosaukitsitsa m'mudzi kawirikawiri sakhala m'mbali mwa msewu wa alendo, amakhala kutali kuseri kwa minda ya tiyi, ndipo amene amamudziwa ndi mphunzitsi wake, mfumu yake ndi amayi a kumpingo.

Pempho langa loyamba likupita kwa makampani oyendetsa alendo ndi eni malo ogona, kuyambira ku Blantyre mpaka kuno, chifukwa iwo ndi amene amalankhula ndi mlendo asanapakire n'komwe chikwama chake. Mlendo akafunsa chimene angabweretse, musamuyankhe mwachizolowezi kuti maswiti ndi zolembera. Muuzeni kuti abwere ndi ndalama yakeyo ndipo adzagule kuno atamva chimene chikufunika, ndipo ngati pali chinthu chimene sichipezeka m'dziko muno, chikhale chimene sukulu kapena chipatala chapempha chokha. Madalaivala ndi operekeza alendo, amene ndi ana athu omwe, alimbe mtima kunena mwaulemu kuti pazenera sitiponyerapo kanthu. Ndikudziwa kuti amaopa kukhumudwitsa munthu amene adzawapatse kangachepe pomaliza ulendo, n'chifukwa chake lamuloli liyenera kuchokera kwa mabwana awo kuti iwo azingolifotokoza. Ulendo wokaona sukulu uzikonzedwa ndi ahedi pasadakhale ndipo uzichitika ana ataweruka kapena pa nthawi yopuma, chifukwa kalasi imene yaimitsidwa kuti iimbire alendo nyimbo yataya phunziro limene silidzabwezedwa.

Pempho lachiwiri likupita ku khonsolo ya boma la Mulanje ndi ya Thyolo. Ofesi ya zamaphunziro ndi ya zachisamaliro cha anthu zimadziwa sukulu, sukulu za mkombaphala ndi magulu a m'midzi amene ndi ovomerezeka, ndipo alangizi a zamaphunziro a m'mazoni amadziwa sukulu imene ilibe madesiki ndi imene denga lake linasasuka. Sichingafune ndalama zambiri kulemba mndandanda wa malo amenewa ndi zosowa zake, kuukonzanso teremu iliyonse, n'kuupachika pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula ndi m'malo ogona alendo. Zikatero, thandizo silidzangounjikana pa sukulu ziwiri kapena zitatu za m'mbali mwa msewu pamene za kutali, monga za kumalire a Muloza, sizinaonepo mlendo chiyambire.

Pempho lachitatu ndi la kwa ife eni mudzi, mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi, mipingo, mizikiti ndi makolo. Tigwirizane kuti mphatso iliyonse yopita ku sukulu kapena ku gulu izilandiridwa pamaso pa anthu osachepera atatu, ilembedwe m'buku, ndipo iwerengedwe pamsonkhano wa makolo wotsatira. Kholo limene mwana wake wapezeka akudikira galimoto pa nthawi ya sukulu liitanidwe kwa mfumu monga mmene timachitira ndi nkhani zina za kujomba. Ndipo tiphunzire kuyankha mlendo moona, kuti zikomo kwambiri koma ichi sichitithandiza, chimene tikusowa ndi ichi. Alendo amene ndakhala nawo pansi n'kuwauza zimenezi sanakwiye, ambiri anathokoza ndipo anadandaula kuti panalibe amene anawauza asananyamuke kwawo.

Komiti ya sukulu yathu yagula kale buku lolembamo mphatso, ndipo pamsonkhano wa makolo wotsegulira teremu ikubwerayi tidzawerenga mndandanda wa zosowa zathu tisanaupereke kwa operekeza alendo a ku Likhubula. Ndikupempha makomiti a sukulu zina za m'mbali mwa phiri ndi za m'minda ya tiyi ku Thyolo kuti achite chimodzimodzi nyengo ya alendo isanafike, ndipo amene anayesapo njira ina imene inawayendera bwino alembe m'nyuzipepala ino kuti nafenso tiimve.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Likhubula, Mulanje.